Achikhadabo ndi Bulangeti la Agalu

Mumsewu wonse ankawadziwa ndi dzina loti Achikhadabo. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso cha kuntchito, ndipo ngakhale akapitawo akawafuna ankangokuwa kuti, "Achikhadabo ali kuti?" Dzinalo linachokera pa zala zawo ziwiri zamanthu, zazikulu zija. Zikhadabo zina zonse ankaziwenga ndi lumo mpaka pamnofu, koma ziwiri zimenezi ankazisiya kuti zikule, zolimba gwa, zachikasu ngati nyanga ya mbuzi. Zimenezo ndizo zinali zida zawo za ntchito.

Ankasamalira agalu a kampani ya alonda. Kumeneko kunali mzere wa timakola ta simenti totchinga ndi waya, mpopi umodzi wodontha, ndi mgolo wodula pakati wosambitsiramo agalu. M'mawa galimoto ikabweza agalu kuchokera komwe agona akulondera, iwo ankakhala pa ndowa yovundikira, n'kupana mutu wa galu pakati pa mawondo awo. Ankayambira m'makutu, kenako khosi pansi pa lamba, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira, n'kumalizira pakati pa zala. Dongosolo limeneli sankalisintha.

"Nkhupakupa sikhala pabwalo," ankatero. "Imakhala kuseri kwa nyumba, ngati mlendo wa miseche."

Akaipeza ankaigwira ndi zikhadabo zija, kuizula pang'onopang'ono kuti mutu usatsalire, kenako n'kuiphwanya, thi! Magazi ake ankangopukutira pa ovolosi. A kampani anawapatsa magolovesi, kachitsulo kozulira, ndi chitini cha palafini choponyamo nkhupakupazo. Magolovesi aja anakathera kunyumba, akuphulira ketulo pamoto.

"Ine ndi nkhupakupa tinakulira limodzi kubusa," ankauza aliyense wowadzudzula. "Magazi anga zinalawa kalekale, zinauzana kuti ngowawa."

Sankanama. Anakula akuweta ng'ombe za eni, miyendo yawo ili zipsera zokhazokha. Atabwera m'tauni anayamba ulonda, ndipo tsiku lina galu amene analuma alonda angapo anabwera n'kugoneka mutu pa nsapato yawo. Kuyambira pamenepo anawachotsa pageti n'kuwapatsa makola. Agalu ankawadziwa kuposa mmene ankadziwira anthu. Alonda achinyamata akamatamanda galu waukali, iwo ankapukusa mutu.

"Kuluma aliyense amatha, ngakhale nyerere. Galu wabwino ndi womva mawu awiri. Ukati 'Gwira!' agwire. Ukati 'Siya!' asiye. Wosamva 'Siya' si mlonda ameneyo. Akathana ndi wakuba adzatembenukira mwini nyumba."

Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo ankamutcha Kamaso, chifukwa kuyambira ali wakhanda ankangoyang'anitsitsa zinthu osaphethira. Anamulera okha, kumuluka tsitsi mokhotakhota, kumuperekeza kusukulu atavala ovolosi yonunkha sopo wa agalu. Kamaso anafika kusekondale koma sanamalize. Anakwatiwa, anabereka mwana wamwamuna, ndipo mwanayo anatentha thupi asanayambe n'kukwawa komwe. Anthu anati ndi mano. Podzafika kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi, ndipo mwanayo anamwalira. Atabereka wachiwiri, wamkazi, mwamuna wake anapita kutali kukafuna ntchito, ndipo foni yake inayamba kumangolira osayankhidwa. Kamaso anabwerera kwa bambo ake, m'tizipinda tiwiri ta kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi.

Wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe. Kamaso ankakhala ndi mantha amodzi okha, akuti mwana uyunso adzatentha thupi iye n'kuchedwa kuzindikira. Akamachapa ankapukuta dzanja pa siketi n'kukagusa pamphumi pa mwanayo ndi kuseri kwa dzanja. Akamaphika, chimodzimodzi. Mwanayo anazolowera moti amake akamayandikira ankapereka yekha mphumi.

"Umutha khungu mwanayu ndi kumugwiragwira," ankaseka Achikhadabo. "Adona, bwerani kuno kwa amuna anu, amanuwa akuyesani mbatata ya pamoto."

Ankamutchula choncho mdzukulu wawo, Adona, ndipo mdadada wonse unatengera n'kumati Kadona. Anali atangoyamba kuyenda mwadzandidzandi, ndipo mawu ake oyamba omveka sanali "amama". Anali "Siya!", atakweza kachala m'mwamba monga ankachitira agogo ake.

Nyengo yozizira itayamba, a kampani anagulira agalu mabulangeti atsopano n'kulamula kuti akale atenthedwe. Achikhadabo anaona kuti limodzi linali lisanathe, lochindikala, lotuwa, la mpendero waukulu wopinda kawiri. Kunyumba kwawo kunalibe bulangeti lofika pamenepo, ndipo pansi pa simenti pamene Kadona ankasewera panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Analipinda n'kulimanga pa kaliyala ya njinga.

"Ababa, la agalu limeneli?" anafunsa Kamaso atangolinunkhiza.

"Nanga agalu aja si mabwana? Amadya nyama tsiku ndi tsiku, iwe unaidya liti?"

"Ine ndikuopa tizilombo."

"Tizilombo tanji tondidutsa ine? Iwe Kamaso, ukufuna kuphunzitsa nsomba kusambira?"

Analichapa okha ndi madzi a pampopi ndi sopo wa kuntchito, analiyanika, ndipo litauma anakhala nalo pakhonde n'kuliyendera lonse ndi zikhadabo, kuno ndi kuseri, monga ankachitira ndi galu. Sanapeze kanthu. Kamaso naye analiyang'ana payekha iwo atachoka, ndipo sanaone kanthu. Linayalidwa pabalaza. Masana a Lamulungu, agogo ndi mdzukulu ankagona pamenepo, iwo chagada atavula malaya, Kadona atatsamira pamimba pawo.

Sipanapite nthawi yaitali, Achikhadabo anabwera kuntchito akukankha njinga m'malo moikwera. Anati mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali. Thupi linali moto. Kamaso anawakakamiza kupita kukachipatala kapafupi, kumene anawabaya chala n'kuwauza kuti malungo mulibe. Anawapatsa mankhwala oziziritsa thupi n'kuwauza kuti abwerenso zikapitirira. Za nkhupakupa sanatchule. Akanatchula bwanji chinthu chimene kwa iwo chinali ngati fumbi la pamsewu?

"Mwamva zimene anena, zikapitirira mubwerere," anatero Kamaso.

"Makina awo aja ndi aulesi. Awa ndi malungo basi, ndimawadziwa."

Sanabwerere. Kukhola kunali galu wamkazi amene anali atangoswa, ndipo sankalola munthu wina kuyandikira ana ake. Achikhadabo ankameza timapiritsi tija m'mawa, thupi likazizirako n'kunyamuka. Analinso ndi matenda a shuga, amene ankawatchula kuti "matenda a anthu olemera osochera", ndipo mankhwala ake ankamwa akakumbukira.

Kamaso ankaona zonse. Anaona kuti tiyi akumusiya m'kapu. Anaona kuti nsapato akuvala osamanga zingwe chifukwa mapazi atupa. Tsiku lina akuwathirira madzi osamba m'manja, anaona timadontho tofiira m'zikhatho mwawo, ndipo atakweza mwendo wa buluku anapeza tili ponseponse. Tsiku lomwelo masana, akapitawo anabwera nawo pa galimoto ya agalu. Anati anawapeza atakhala pansi m'khola, akulankhula ndi ng'ombe zimene panalibe.

Kamaso anasiya Kadona kwa mayi woyandikana nawo, telala amene ankasokera pakhonde, ndipo anakwera galimoto yomweyo kupita kuchipatala chachikulu.

Adokotala anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira ndi kachingwe. Anayang'ana timadontho tija, anadina mwendo ndi chala ndipo panatsala kadzenje.

"Amagwira ntchito yanji bambowa?"

"Amasamalira agalu."

"Nkhupakupa amakumana nazo?"

Kamaso anangokweza dzanja la bambo ake n'kuonetsa chikhadabo chija. Adokotala anapumira m'mwamba. Anaitana anamwino kuti awathandize kuwavula, ndipo anayamba kufufuza thupi lonse, akuti akufuna kachilonda ka nkhanambo yakuda. Kamaso ndiye anakaona. Kanali kumsana, pansi pa fupa la phewa, kakuda bii ngati popsa ndi ndudu, kozunguliridwa ndi kufiira. Panali pamalo pamene zikhadabo zawo sizikanafika.

Anawagoneka m'wodi ya amuna, pabedi la pafupi ndi zenera, n'kuwaika diripi ndi mankhwala opha tizilombo. Kamaso anaganiza kuti basi, mankhwala apezeka, kwatsala n'kudikira. Koma m'malo mophwa, bambo ake anapitiriza kutupa. Nkhope inafufuma, maso analowa. Zala zinanenepa moti zikhadabo zija zinkaoneka ngati zomatidwa. Mkodzo m'kathumba kopachika pabedi unachepa n'kuda. Kupuma kunayamba kumveka ngati munthu akuyamwa madzi otsalira m'kapu.

Adokotala atabweranso, Kamaso anawatsatira mpaka pakhomo la wodi.

"Pepani adokotala, ndifunse nawo. Mwati mankhwalawa akupha tizilombo. Nanga bwanji akungotupirabe? Kapena mankhwalawo sakugwirizana nawo?"

Adokotala anamuyang'ana, n'kumukokera pa benchi.

"Munamvapo za asilikali a m'thupi, mayi?"

"Tinaphunzirako kusukulu. Amene amamenyana ndi matenda."

"Eya. Nkhupakupa ikaluma, nthawi zina imasiya tizilombo tating'ono kwambiri, mabakiteriya. Timeneti timakonda kubisala m'zipupa za timitsempha ta magazi. Thupi likazindikira limaitana asilikali, ndipo kuti asilikaliwo afike pamalopo, mitsempha imatseguka pang'ono, madzi amatuluka, pamatentha, pamafiira, pamatupa. Kutupa kumeneko si matenda ayi, ndi nkhondo. N'kofunika. Popanda iko tizilombo tingayende mwaufulu."

"Ndiye kuti kutupaku n'kwabwino?"

"Kukakhala pamalo amodzi, ndi pa nthawi yake. M'thupi momwemo mulinso ena amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo, kuwauza kuti zakwana, bwererani. Akawaletsa msanga, tizilombo timapambana. Akachedwa, asilikali amawononga nyumba yawo yomwe. Bambo anuwa tizilombo tinapeza nthawi yofalikira m'mitsempha ya thupi lonse. Ukalamba ndi shuga zinachedwetsa asilikali, ndipo pamene anadzuka anadzukira paliponse nthawi imodzi. Tsopano mitsempha ikudontha m'mapapo, mu impso, m'mutu. Tizilombo tikufa, koma nkhondo sinamve kuti yatha."

Kamaso anakumbukira mawu a bambo ake.

"Ngati galu wosamva 'Siya'," anatero motsitsa.

"Mwati bwanji?"

"Amatero iwowo. Amati galu wosamva 'Siya' akathana ndi wakuba amatembenukira mwini nyumba."

"Ndi zomwezo," anatero adokotala. "Ife tikuthandiza mtima, impso ndi kupuma kuti zipirire mpaka agaluwo atamva. Sindikunamizani, mayi, zafika povuta. Akanabwera thupi litangoyamba kutentha, timapiritsi tokha tikanakwana."

Kamaso anabwerera pabedi. Anagwira dzanja lotupa lija, lotentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa, ndipo anawerama ngati akufuna kukonza pilo. Sankafuna kuti odwala ena amve. "Siya," ananong'oneza, osati kwa bambo ake, koma kwa zimene zinali m'kati mwawo. "Siya. Ndi mwini nyumba ameneyu."

Mawa lake masana anathamangira kunyumba kukatenga zovala zosintha. Anapeza Kadona atagona pa bulangeti lija, limene anamusiya nalo, pakhonde la atelala, pafupi ndi makina. Mwanayo sanadzuke kumuthamangira. Kamaso anagwada n'kuika kuseri kwa dzanja pamphumi. Panali potentha.

"Wayamba liti kutentha?"

"Aa, kafundidwe chabe, kuyambira m'mawa," anatero atelala, singano ili pakamwa. "Ndi mano amenewo, mwanawe. Anga onse ankatero. Usayambe zako zija."

Mawu amenewo Kamaso anali atawamvapo kale, pa mwana wina. Anakhala pa sitepe, anapana mwanayo pakati pa mawondo ake, n'kuyamba. M'makutu, munalibe. Kuseri kwa khutu lamanzere chala chake chinagunda kotupa kolimba ngati nyemba, mwanabele. Khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pakati pa zala, monse munalibe. Anabwereranso kumutu, kumene galu alibe malo obisika koma mwana ali nawo, n'kuyamba kupatula tsitsi pang'onopang'ono. Pankhongo, pansi pa kamfundo ka tsitsi kamene iye yemwe anamanga, panali kachilonda ka nkhanambo yakuda.

"Mayo ine," anatero atelala atasuzumira. "Chimenechi n'chiyani?"

Kamaso anali akuyang'ana bulangeti. Mwanayu sanapiteko kukhola. Agalu sanawaonepo n'kamodzi komwe. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinakhudza msana wa agogo ndi nkhongo ya mdzukulu.

"Amayi, tandibwerekani komasulira ulusi."

Atelala anamasula okha mpendero. Atafunyulula popinda paja, mkati munali fumbi, ubweya wa agalu, ndi tinthu tofiirira tating'ono ngati timadontho ta pensulo. Tina tinali tikuyenda.

Atelala anaponya bulangetilo pabwalo n'kuyamba kudzikuntha siketi. Kamaso anali atabereka kale mwana kumsana. Zovala zimene anadzera anaziiwala. Mumsewu anthu ankamupatsa moni akufunsa za Achikhadabo, iye osaona munthu. Ankangomva kutentha kwa mwanayo kukudutsa nsalu n'kumuotcha pamsana, ndipo ankawerengera kupuma kwake ndi khungu la msana wakewo.

Kuwodi ya ana anamulandira anamwino achikulire, ndipo Kamaso sanadikire kufunsidwa. Anapatula tsitsi n'kuonetsa kachilonda, n'kunena kuti agogo ake ali kuwodi ya amuna ndi chomwechi. Anaitanitsa adokotala aja. Iwo anagwira mwanabele uja, Kadona n'kulira mokalipa.

"Watupa, adokotala," anatero Kamaso. "Wayamba kutupa ngati iwo aja."

"Ayi mayi, khalani pansi. Uku n'kutupa kwina. Apa ndi pamene asilikali asonkhana, pafupi ndi pomwe mdani walowera. Tinene kuti agalu amugwirira pageti. Ife tiwathandiza ndi mankhwala kuti ntchito ithe msanga, asapeze chifukwa cholusira. Mwabwera nthawi yabwino."

"Nanga akapanda kumva?"

"Tikhala tikumuyang'ana. Koma mwana uyu sali pamene pali agogo ake."

Kuyambira pamenepo moyo wa Kamaso unali wa m'khonde lalitali lolumikiza mawodi awiriwo. Uku mwana, uku bambo. Akakhala kwa mwana ankaganiza kuti bambo ake akumuitana. Akakhala kwa bambo ake ankamva kulira kwa mwana aliyense ngati ndi wake. Kadona ankalavula mankhwala, ndipo ankachita kumugwira awiri. Kamaso ankamudina mwendo ndi chala mobisa kuti aone ngati patsale kadzenje. Ankamutsegula zikhatho. Timadontho tingapo tinatuluka pamimba, ndipo iye anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Madzulo ena dzuwa likulowera pazenera, Achikhadabo anatsegula maso n'kumuzindikira. Anasuntha chophimba cha mpweya pakamwa.

"Kamaso."

"Ababa."

"Galu uja wadya?"

"Akapitawo akuti wadya. Ana ake atsegula maso."

"Nanga Adona? Bwanji osabwera kudzaona amuna awo? Apeza wina?"

Kamaso anafuna kunama, koma nkhope yake sinaphunzirepo bodza, ndipo bambo ake anali munthu wozolowera kuwerenga zolengedwa zosalankhula.

"Ali konkuno," anatero. "Kuwodi ya ana. Koma akupezako bwino, Ababa, dzulo wamwa phala."

"Chamuluma?"

"Pankhongo."

Anatseka maso. Kamaso anaganiza kuti abwereranso kutulo, koma milomo yawo inkagwedera. Ankayendera bulangeti lija m'mutu mwawo, kuno ndi kuseri.

"Mpendero," anatero. "Sindinamasule mpendero."

"Inenso sindinauone, Ababa."

"Iwe si ntchito yako. Ine agalu onse aja, pakati pa zala pomwe..." Mpweya unawathera. Anayesa kukweza dzanja koma linali lolemera. "Ndimafuna asamazizidwe."

"Ndikudziwa."

"Ukalitenthe."

"Ndikalitentha."

"Ndiye undiwenge izi." Anagwedeza zala zamanthu. "Ndisakamugwire nazo akabwera."

Kamaso anabwereka chowengera kwa mayi wina wodikirira wodwala pabedi loyandikana. Zikhadabozo zinali zolimba moti anachita kudula pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Pansi pake panali khungu loyera, lofewa, limene linali lisanaonepo dzuwa. Bambo ake anayang'ana zala zawo ngati za munthu wina.

"Tsopano mumsewu azinditchula ndani?" anafunsa, ndipo anayesa kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa.

Sanalankhulenso zomveka. Impso zinaleka kugwira ntchito, ndipo madzi anapitiriza kudzaza m'mapapo. Adokotala anati tizilombo tiyenera kuti tinali titagonja kale, koma zimene nkhondo inagumula zinali zambiri kuposa zimene thupi lokalamba likanamanganso. Achikhadabo anamwalira m'mawa, okolopa akukankha ndowa zawo pakati pa mabedi. Kamaso sanalipo. Anali kuwodi ya ana, atagwira Kadona amene anadzuka thukuta lili noninoni, mphumi ili yozizira, akukoka bulauzi ya amake kufuna kuyamwa. Anamwino a kuwodi ya amuna anaima pakhomo osalowa, manja atagwira kutsogolo, ndipo Kamaso anadziwa asanauzidwe. Anamusiya mwanayo amalize kuyamwa.

Pamaliro alonda anabwera atavala yunifolomu. Akapitawo ananena kuti galu wamkazi uja amangoyang'ana kugeti, ndiponso kuti amene walowa m'malo mwa Achikhadabo amavala magolovesi ndipo nkhupakupa amaziponya m'chitini cha palafini. Atanena zimenezo anaoneka ngati achita manyazi, n'kuyang'ana pansi. A kampani anatumiza anthu odzapopera mankhwala m'tizipinda tiwiri tija ndi pakhonde la atelala, m'ming'alu monse.

Bulangeti lija atelala anali atalikankhira ndi ndodo m'mgolo wakale kuseri kwa mdadada. Kamaso analithira palafini n'kuyatsa. Linanyeka mochedwa, ndi utsi wakuda wonunkha ubweya. Kadona, ali kumsana, analizindikira. Anatambasula manja akulira, "Gogo! Gogo!", ndipo Kamaso anaima pomwepo mpaka linasanduka phulusa, chifukwa anali atalonjeza.

Mwanabele uja anaphwa pang'onopang'ono. Nkhanambo inagwa n'kusiya kachipsera koyera kamene tsitsi silimerapo. Atelala masiku ano mwana aliyense wa mumdadada akatentha thupi sanenanso za mano, amangoti, "Tamuvuleni timuone." Chikhadabo chimodzi Kamaso anachipeza m'thumba la siketi imene anavala tsiku lija, ndipo sanathe kuchitaya kapena kuchiyang'ana. Chili m'kachitini ka mabatani.

Anthu amamuuza kuti mwana anachira, mtima ukhale pansi. Iye amavomera ndi mutu. Koma dzuwa likapendeka, akamusambitsa Kadona, amakhala pa ndowa yovundikira pakhomo n'kumupana pakati pa mawondo. Amayambira m'makutu, kenako khosi, nkhongo, m'khwapa. Mwanayo amayesa ndi masewera, amadzipotokola ndi kuseka. Pofika kumapazi amakhala atatopa nazo, ndipo amakweza kachala m'mwamba, nkhope itakwinyika ngati ya agogo ake.

"Siya!" amatero.

Kamaso amamva. Koma manja ake amapitirirabe, kutsegula kachala ndi kachala, mpaka komaliza.